Mizere Iwiri M'mphepete mwa Munda

Ana anga, mutu uno ndauyamba n'kuung'amba kangapo, chifukwa ndikangougwira mtima umakwera ndipo amayi anu amandilanda cholembera. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene azakhali anu a Nambewe adasiyira kunditumizira mtedza wawo woyamba, umene unkafika pakhomo pano chaka ndi chaka. Amayi anu akuti ndingokuuzani kuti ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Nkhaniyi ndi ya msuweni wanu Takondwa ndi maphunziro ake a zam'mlengalenga aja. Koma kuti muimvetse ndiyenera kuyambira pamene ndidayamba ulangizi wa zaulimi, pakuti matenda anga ofunsa mafunso ndidawatengera kumeneko.

Nsaru, 1984

Nditamaliza kosi ya ulangizi adanditumiza ku Nsaru. Ndidafika ndi sutikesi yamalata, bulangete limodzi ndi mutu wodzaza mabuku. Nyumba imene adandilonjeza ndidapeza atasungiramo feteleza, choncho ndinkagona pakati pa matumba ngati mlonda. Njinga yakapalasa adati ibwera mwezi wamawa. Idabwera dzinja litatha, ilibe pompi. Amene ankatiyang'anira adali a Msiska, bambo wamfupi wochokera kumpoto, wa Chichewa chopindika koma chomveka, amene mano awo tinkawaona pokhapokha akamadya. Sabata yanga yoyamba ndidawapeza ndi kapepala ka mbewu yatsopano ya chimanga, ndikunyadira ngati ndaipanga ndine, n'kuwauza kuti ndikufuna alimi onse a m'dera langa abzale imeneyi.

"Iwe mnyamata," adatero a Msiska, "mbewu imeneyi waiona m'munda mwa yani?"

"Ndaiwerenga, bwana."

"Sindikufunsa zowerenga. Ndani adaibzalapo? Msika wake uli kuti? Nanga ogula akapanda kubwera, imadyeka? Ukapeza mayankho ubwere. Ndipo ngakhale uwapeze, mlimi umuuze ayese mizere iwiri m'mphepete mwa munda. Munda wonse ayi. Zikakanika njala idzakhala yake, iwe malipiro ako adzabwerabe."

Ndidatuluka nditafufuma ndi mkwiyo, ndikuti mkuluyu ndi wachikale. Nditafika pakhomo adandiitananso n'kuwonjezera kuti, "China: mlangizi amalangiza basi. Khasu limakhala m'manja mwa mwini munda." Ndidagwira nawo ntchito zaka zingapo, ndipo mmene ankapuma n'kuti ine nditasanduka a Msiska aang'ono. Ngakhale amayi anu atandiuza kuti akufuna kuyamba geni ya zitumbuwa, ndidawafunsa kuti msika wake uli kuti. Adandiyankha kuti uli m'mimba mwanga.

Kabudula, 1997

Ku Kabudula ndidapezako abwana a mtundu wina, a Matewere. Amenewa ankakonda zinthu ziwiri: alendo ndi malipoti. Munda ankauona pawindo la galimoto. Chaka chimenecho kudabwera anthu a kampani ina pa galimoto yoyera, akufuna alimi abzale nsatsi. Inde, nsatsi zomwe zija zimamera zokha padzala. Adati mafuta ake akufunidwa kunja ndipo adzagula zonse zimene alimi akolole. A Matewere adatisonkhanitsa alangizi tonse pamaso pa alendowo n'kulamula kuti aliyense akauze alimi ake apereke theka la munda ku nsatsi. Anzanga adawomba m'manja. Ine, mwana wa a Msiska, ndidakweza dzanja.

"Bwana, kodi ogulawa akapanda kubwera, nsatsi zimadyeka?"

"A Mbewe, nanga fodya mumadya?"

"Fodya ali ndi okushoni, bwana. Nsatsi zili ndi galimoto imodzi yoyera."

Alendo adaseka chosafuna, a Matewere sadaseke. Ine ndidapita kwa alimi anga n'kuwauza zonse monga ndidazimvera, mtengo wolonjezedwa ndi mantha anga omwe, kenako ndidati ayese mizere iwiri. Adandimvera. Ndiye mukudziwa chimene chidachitika? Galimoto yoyera ija idabweradi! Idagula nsatsi zonse, ndalama pompopompo. Alimi a m'madera a anzanga adafolera nyumba ndi malata, ena adagula njinga. Anga ankandipatsa moni pamsewu kuti, "Alangizi, zikomo kwambiri, mizere yanu iwiri ija yatigulira mchere." A Matewere adalembera kulikulu kuti ndine munthu wotchinga chitukuko, ndipo mvula isadagwe ndidalandira kalata yondisamutsa.

Chaka chotsatira aliyense adabzala nsatsi, alimi anga akale aja kuposa onse, pofuna kubweza zimene ndidawaphonyetsa. Galimoto yoyera sidaonekenso. Matumba adawolera m'zigafa, ndipo pakhomo pambiri padagona njala. Musaganize kuti wina adabwera kudzandipepesa. Nditakumana ndi mmodzi wa alimi aja pamaliro adandiuza kuti, "Mukadatilola chaka choyamba chija, bwenzi njalayi tikuimvera m'nyumba ya malata." Mpaka lero sindidziwa amene adapambana mlandu umenewu.

Nambuma, kuyambira 1998

A Matewere ankayesa akundilanga ponditumiza ku Nambuma, osadziwa kuti akundibwezera kwathu. Mudzi wathu uli cha komweko. Ntchito yake ndiye idali yomvetsa mutu. Adandipatsa njinga yamoto, zikomo kwambiri, koma mafuta ake ankabwera ngati mvula ya mu Okutobala. Alimi akukudikira kudambo kuti ukaone nazale ya fodya, mbozi zalowa m'chimanga cha kalabu, iwe uli pabenchi kunja kwa ofesi, jombo kuphazi, chipewa pabondo. Ukafunsa, yankho lake limodzi: "Mafuta akabwera." Mawu amenewa ndidawamva kochuluka kuposa pemphero la Atate Athu. Ndikawerengera bwino, gawo lalikulu la ulangizi wanga ndidaugwirira pabenchi imeneyo.

Pano ndifotokoze chinthu chimene inu ana a m'tauni mumachiiwala. Inu ndinu ana anga, ndimakukondani, koma mwa mwambo wathu ndinu a kwa amayi anu. Mbumba yanga ine ndi mlongo wanga ndi ana ake. Amayi athu adabereka awiri okha, ine ndi a Nambewe. A Nambewe adabereka atatu, awiri adapita ali makanda, amuna awo nawo adamwalira msanga. Adatsala ndi Takondwa yekha. Munda wa amayi athu, bwalo lathu, manda athu, zonsezi zinkayembekezera kamtsikana kamodzi kameneka, ndipo woyang'anira kake ndidali ine, amalume ake.

Kuyeza minda kale tinkayeza ndi chingwe. Ndili pafupi kukalamba pa ntchito, ofesi idalandira kachipangizo konga foni: umangoyenda nako m'malire a munda, iko n'kukuuza kukula kwake. Kankadya mabatire ngati chiswe, ndipo ofesi, monga mwa masiku onse, idagula kachipangizo n'kuiwala mabatire. Tsiku lina ndidagula anga n'kupita kukayeza munda wa a Nambewe. Takondwa, amene n'kuti atangoyamba sekondale, adanditsatira mzere ndi mzere.

"Amalume, kodi akukauza kameneka ndani?"

Ndidamuuza zimene adatiuza kumsonkhano, kuti kumwambaku kuli makina otchedwa setilaiti amene amazungulira dziko osatera, ndipo ndi amene amakauza pamene kaima.

"Osatera? Nanga mabatire ake amawasintha ndani?"

Ndidangoti akafunse aphunzitsi ake. Ndikadadziwa kumene funso limeneli lidzatifikitse, ndikadamuuza kuti ndi mizimu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Namitete, 2022

Nditapuma pa ntchito ndidabwera kudzakhala kuno kwa amayi anu, mkamwini wa imvi, ndikuganiza kuti zovuta zatha. Takondwa n'kuti atamaliza digiri ya uinjiniya wa zamagetsi n'kupeza ntchito mu Lilongwe, ku ofesi ina yoika mipope ya madzi yoyendera dzuwa m'midzi. Idali ntchito yokhazikika, ya penshoni. Loweruka lililonse lachiwiri ankakwera minibasi kukaona amayi ake. Ine ndinkati mbumba yanga ndaifikitsa.

Tsiku lina m'mawa adatulukira pakhomo pano, n'kugwada patali pang'ono monga adaleredwera.

"Amalume, ndabwera ndi nkhani. Andipatsa malo kusukulu ina ya ukachenjede kunja, digiri yachiwiri, zaka ziwiri. Zonse alipira okha."

"Zikomo Ambuye! Za magetsi zomwezo eti?"

"Za uinjiniya wa makina a m'mlengalenga. Kapangidwe ka setilaiti."

Ndidamuyang'ana, ndikudikira kuti aseke. Sadaseke. Adayamba kundifotokozera kuti setilaiti ili ndi zigawo zambiri: ya magetsi ochokera kudzuwa, ya wailesi yolankhulira ndi pansi, yoteteza kuti isapse mbali imene kwawala kapena kuzizidwa mbali ya mdima, ndi yoiwongolera kuti isapotoke. Aliyense amapanga chigawo chake, koma pamafunika munthu woonetsetsa kuti zonsezo zikumvana, chifukwa ikangonyamuka palibe wokaikwerera ndi sipanala. Munthu ameneyo ndi amene iye ankafuna kukhala. Vuto lidali limodzi: kuofesi adamukaniza tchuthi cha maphunziro, ati zimenezo sizikhudzana ndi mipope. Kuti apite ankayenera kusiya ntchito, ndipo asukulu ankafuna yankho mwezi usadathe.

"Pasipoti ndili nayo, amalume, palibe angandigwire mwendo. Koma sindipita popanda mawu anu. Amayi ndawauza, angoti zili kwa inu."

Patangopita masiku awiri, a Nambewe, munthu amene amadana ndi minibasi ngati njoka, adatsika pa siteji ya Namitete. Madzi akumwa adakana. Adandikokera kuseri kwa khola la mbuzi.

"Achimwene, mwanayu mumukanize."

"Nanga bwanji osamuuza nokha?"

"Ine ndikakana adzandisungira mpaka kumanda. Inu ndinu mwini mbumba, mutu ukakula sulewa nkhonya. Akwiya nanu chaka chimodzi, kenako aiwala. Moyo wanu wonse mwakhala mukukana zinthu. Nsatsi mudakana, lero mulephere kukana za kumwezi? Ndiponso adayambitsa zonsezi ndinu, ndi kafoni kanu koyezera minda kaja."

Adandiuzanso kuti kumudzi nkhani yafala kale, amayi akuchigayo akufunsana ngati zouluka zimafunanso sukulu masiku ano, pamene ena amangokwera lichero. Ndidawalonjeza chinthu chimodzi, kuti nkhaniyi ndiifufuza monga ndinkafufuzira mbewu. Adabwerera ali okhutira, chifukwa ankadziwa kuti mbewu zopambana mayeso anga zidali zochepa.

Mpingu, mwezi womwewo

Ndidamuuza Takondwa kuti andipezere munda wachitsanzo, kutanthauza Mmalawi amene adaphunzirapo zimenezi, ndimuone ndi maso anga. Ndinkayesa alephera. Adandipezera awiri.

Woyamba adali a Zimba, bambo wa msinkhu wanga, okhala cha ku Mpingu. Ndidawapeza akutsuka khola la nkhumba. Ali mnyamata adatumizidwa kunja kukaphunzira zofanana ndi zimenezi, n'kubwerako ndi mapepala okhoza bwino. "Nditafika adandiuza kuti ndidikire, ofesi yake ikukonzedwa," adatero. "Podikirapo ndidayamba kuphunzitsa masamu. Ndidapuma ndikudikirabe. Pano ndimaweta nkhumba ndi kumangirira anthu mbale za kanema pamadenga. Palibe amalozetsa mbale kumwamba molondola ngati ine m'dera lino. Digiri yanga idathera pamenepo." Ndidasangalala mumtima, ndikuti umboni ndaupeza. Koma potsanzikana ndidalakwitsa n'kufunsa kuti, akadabwerera ku unyamata, akadapitanso? Adatsamira tsache lawo. "Kupita ndikadapita. Kubwerako ndiye ayi."

Wachiwiri adali mayi wina amene ali kunja mpaka lero. Ndidalankhula naye pa foni ya Takondwa, tikuonana nkhope. Adandipatsa ulemu wonse, Chichewa chake chili bwinobwino. Ntchito yake ndi yoyesa masetilaiti asadawatumize, kuwagwedeza, kuwawotcha ndi kuwazizira kuti aone ngati apirire. Ndidamufunsa za msika. Adati ntchito zilipo ndipo zikuwonjezeka, koma zambiri mwa zabwinozo sapatsa mlendo chifukwa zimayandikana ndi za asilikali, choncho munthu amayenera kukhalitsa dziko limenelo kuti amukhulupirire. Maiko ena a mu Afirika muno ayambapo, koma malo ndi ochepa. Kwathu kuno, adatero, munthu angathe kuphunzitsa, kapena kugwiritsa ntchito zithunzi zimene masetilaiti a eni ake amajambula, poona minda ndi madzi osefukira. Koma kupanga, ayi, nthawi yake sidafike. Ndidamuthokoza, kenako mwa chizolowezi chathu ndidafunsa kuti kumudzi ali bwanji, amayi ali bwanji.

"Amayi anatisiya, bambo. Maliro ndinaonera pa foni yomweyi."

Tili m'minibasi pochokera ku Mpingu ndidamufunsa Takondwa funso lachitatu lija la a Msiska. "Nanga ogula akapanda kubwera, digiri imeneyi imadyeka?"

"Imadyeka ndithu, amalume. Munthu wodziwa mabatire, mphamvu ya dzuwa ndi mawailesi sangagone ndi njala. Akhoza kugwira ku magetsi kapena ku mafoni."

"Basitu! Ndiye upite, pakatha zaka ziwiri ubwere."

"Ndikakuuzani choncho ndikunamizani. Sindikupita kukaphunzira zimenezi kuti ndidzazisunge m'sutikesi ngati a Zimba. Ndikapeza ntchito ndidzakhalako. Zaka zingati, sindikudziwa."

Ndidakwiya kwambiri, moti kondakitala adatembenuka. Anthu onse amene adandibweretserapo mbewu yatsopano pa moyo wanga ankanama, ndipo ndinkadziwa pogwirira. Uyu yekha, amene bodza lake ndinkalifuna ndi mtima wonse, adakana kunama. Ndinkangofuna kabodza kakang'ono, kokwana kuti ine ndikagoneke nako mtima wa amayi ake. Ana ophunzira ndi otopetsa.

Mayeso adatha motere. Obzala alipo awiri: wobwerera kwawo adataya ntchito, wosunga ntchito adataya kwawo. Msika ulipo, koma kutsidya kwa nyanja. Kudyeka imadyeka, koma mwini wake sakufuna kuidya. Ndidati fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwanayu ali kale ndi ntchito ya penshoni. Ndidatsimikiza zokana.

Lilongwe, sabata yotsatira

Sindidafune kumuchititsa manyazi pagulu, choncho ndidakwera minibasi kupita kuofesi kwake kuti ndikamuuze kaye payekha. Ndidafika dzuwa litakwera. Mlonda adandilozera kuseri. Kumeneko kudali benchi, ndipo pabenchipo padali Takondwa, jombo kuphazi, chipewa cholimba chija pabondo, bokosi la zipangizo pambali. Patsogolo pake padaima galimoto ya ofesi, pansi pake nkhuku itakumba pogona.

"Kodi sunapite kumudzi kuja unkanena, kumene mpope unafa?"

"Tikudikira, amalume."

Sindidafunse chimene akudikira. Posakhalitsa adatulukira abwana ake, mnyamata wonenepa bwino wa fayilo kukhwapa. Takondwa adaimirira n'kufunsa za ulendo, akuti amayi a kumudziko abwereranso kotunga kudambo. Abwanawo adayankha akuyenda, osatembenuka: "Mafuta akabwera. Pakadali pano kalembereni alendo aja mayina, akufuna ndalama zawo za nkhomaliro."

Mawu omwewo a ku Nambuma, kukonda alendo komweko, ngati a Matewere adabadwanso. Boma lasintha kangati, ndalama zasintha nkhope, ine ndachita kukalamba, koma benchi ija idangosamuka ku Nambuma kubwera m'tauni kudzadikira mwana wa mlongo wanga. Ndidakhala pansi pambali pake. Matako anga adaizindikira. Tidakhalapo mpaka dzuwa kupendeka, tikudya chimanga chootcha, ndipo ndidaona mmene mwanayo ankakhalira: msana wopindika, maso pa geti, chala chikugogoda bokosi. Ndimo mmene ndinkakhalira ine. Atandifunsa chimene ndadzera, ndidati ndimangodutsa.

Kumudzi, Lamulungu lotsatira

Tidakumana pakhonde la a Nambewe titachoka ku Misa. Padali iwo, Takondwa, ine, ndi a Gama, akulu a malemu bambo ake a Takondwa, amene tidawaitana mwa ulemu. A Nambewe adavala chitenje chatsopano ndipo adandiphera nkhuku. Ankadziwa chimene adagula.

Ndidapereka lipoti langa monga pa tsiku la chionetsero cha zaulimi, osabisa kanthu. Ndidanena za a Zimba ndi nkhumba zawo, za mayi wa pa foni uja ndi maliro, za msika umene kuno kulibe. Ndidanena kuti mwanayu akasiya ntchito malo ake atenga wina mawa lomwe, ndipo akapita tisamuyembekezere msanga. A Nambewe ankagwedeza mutu, a Gama ankavomera kuti "Eya, eya." Takondwa adangozolika. Kenako ndidanena za benchi, koma pamenepo palibe adandimvetsa, chifukwa benchi imamveka kwa amene adaikhalapo.

"Tsono mawu anga ndi awa," ndidatero. "Mbewuyi ndi yabwino, msika wake uli kutali, ndipo mtengo wake tilipira ndife otsala. Ndalangiza, ndathera pamenepo. Khasu lili m'manja mwa mwini munda. Takondwa, ine sindikukaniza. Ngati pali wina pano amene akufuna kukana, akane ndi pakamwa pake."

A Gama adayamba kufunafuna chinthu m'thumba la jekete. Ine sindidayang'ane mlongo wanga, koma maso awo ndinkawamva pa tsaya. Takondwa adadzutsa mutu.

"Amayi?"

A Nambewe adakonza chitenje chawo pa mawondo, n'kuchikonzanso. "Amalume ako ayankhula," adatero. "Pita, mwana wanga. Ukaphunzire bwino." Adadzuka kulowa m'nyumba, ndipo nkhuku ija adatuma mwana wa oyandikana nawo kuti atipatse. Ndidaidya osamva kukoma.

Amayi anu nditawafotokozera adati ndidachita zamantha, kuti udindo wa amalume ndi kusenza chimene mlongo wako sangathe kusenza, ndipo ine ndidautula pamutu pa mayi wamasiye. Ndidawayankha kuti sindikadatha kutsekera mwana pabenchi ndi mawu anga, pamene ine ndemwe ndidaitukwana benchiyo zaka zonse zija. Adati nanga benchi ndi mlongo wako, wamkulu ndani? Tidasiyira pomwepo, ndipo timayambiranso pomwepo nthawi iliyonse nkhaniyi ikatuluka.

Nambuma, 2025

Takondwa adamaliza bwino, ndipo monga adanenera, adapeza ntchito komweko. Ali m'gulu loona za mabatire a setilaiti ina yaing'ono yojambula minda. Adandiimbira kundiuza kuti funso lake lija walipezera yankho: mabatire sawasintha munthu, amawapanga kuti apirire mpaka makinawo adzafe. Ndidati zikomo, ndakhala ndikusowa tulo nalo. Amayi ake amawaimbira Lamulungu lililonse, adawaikira magetsi a dzuwa, sasowa sopo kapena feteleza. Kubwera adabwerako kamodzi, masabata awiri. Tsopano akuti pali mnyamata wina wa dziko lina amene akufuna kuti ndidzalankhule naye pa foni. Unkhoswe wa pa foni! Sindidziwa kuti a Msiska akadafunsa mafunso ati pamenepo.

Mukandifunsa lero ngati digiri imeneyi ili ndi phindu, ndinena kuti kwa mwini wake ili nalo, ndipo lalikulu. Amalankhula za ntchito yake ngati munthu amene wakhuta. Ine pa zaka zanga zonse za ulangizi sindidalankhulepo choncho.

Mtedza ndiwo udasiya kubwera. A Nambewe sadandinyoze, sadandikanize pakhomo, moni amayankha bwinobwino. Mtedza wokha basi. Chaka chino nthawi yokolola ndidati zokwana, ndidakwera minibasi mpaka kumudzi. Ndidawapeza ali okha m'munda wa amayi athu uja, atakhala pansi pafupi ndi mulu, akuthothola mtedza. Theka la munda lidali thengo, chifukwa mphamvu zawachepera. Nditaona thengolo mtima udandipweteka, ndipo monga mwa chizolowezi changa, kupwetekako kudatuluka ngati mkwiyo.

Ndidayamba kudziteteza munthu asadandiimbe mlandu. Ndidati, a Nambewe, mpaka liti? Mwana ali bwino, akukusamalani, dzina lathu lafika kumene sitidalotepo. Ndidafufuza zonse, sindidakubisireni kanthu, ndidachita monga ndachitira ndi mbewu iliyonse pa moyo wanga. Ndidalankhula nthawi yaitali, nditaimirira, chipewa m'manja, ngati ndili pamsonkhano wa kalabu. Iwo ankangothothola, mtedza ukugwera m'dengu.

Nditatopa adandiyang'ana, opanda mkwiyo, ndipo ndikadakonda akadakwiya.

"Achimwene, paja alimi anu munkawauza kuti mbewu yatsopano aziyesa pa mizere iwiri, eti? Kuti zikavuta munda utsale."

"Eya, ndimo ndinkanenera."

"Ine ndidali ndi mzere umodzi."

Ine mwini mafunso atatu, ndidaika chipewa pansi, n'kukhala pa dothi pambali pawo, ndipo tidathothola mtedzawo mpaka mulu udatha.